Kompuresa ya pa Landirova ya Alamu

Paison Mbewe anali pansi pa thirakita ya a koparetivu, akulimbana ndi bawuti lochita dzimbiri, pamene anamva galimoto ikukhotera m'bwalo mwake. Sanachite kusuzumira kuti adziwe mwini wake. Injini ija ankaidziwa kulira kwake monga munthu adziwira kutsokomola kwa mnansi wake. Inali Landirova ya mlamu wake, Lyford Mwale.

Panali patapita zaka ziwiri dziko litalandira ufulu. Pa zikwangwani tauni inali ikadali Fort Jameson, ngakhale pakamwa pa anthu inali Chipata basi. Azungu a fodya ambiri anali atagulitsa katundu wawo n'kulowera kummwera, ndipo Lyford anagula Landirova yake kwa mmodzi wa iwo. Ankayenda nayo m'midzi ya kuseri kwa Chadiza kugula nsawa, n'kumadzagulitsa m'tauni. Paison ndiye ankaisamala, pa galaja yake ya malata anayi ndi mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba yake ku Kapata.

Awiriwa anali asanaonane chiikireni maliro a Esnat, mkazi wa Paison, mlongo wake wa Lyford. Esnat anadwala chifuwa miyezi itatu, namwalira mu Ogasiti, ndipo anakamuika kwawo. Anasiya mwana mmodzi, Magalita, wa zaka zisanu ndi zinayi.

"Odi, alamu!"

"Fikani, alamu. Mwayenda bwanji?" anayankha Paison akutuluka chafufumimba, akupukuta manja pa ovolosi.

"Ndayenda ndi msana," anatero Lyford. "Kuchokera kumudzi kufika pa Chadiza, tayala laphwa katatu. Minga ya mthethe ija. Kumata chubu sindidandaula, koma pampu ya manja yanditha. Taonani."

Anatambasula zikhato. Zinali matuza okhaokha.

"Ndinaona anyamata okonza msewu," anapitiriza Lyford, "lole yawo ili ndi paipi. Amangolumikiza ku tayala, injini ikulira, kuphethira kamodzi tayala lakhuta. Kodi pa motoka wanga sizingatheke?"

Paison anatsegula boneti nayang'ana kwa kanthawi. Anapima ndi chikhato mpata wa pambali pa injini, pamwamba pa dayinamo.

"Zitheka. Ifunika kompuresa ya lole yakale, chitsulo choikhazikapo, lamba wachiwiri woizunguza, ndi kathanki kosungira mpweya. Masiku anayi ndatha."

Kwa nthawi yoyamba m'masabata asanu ndi limodzi, Paison anamva kamtima kofuna ntchito. Koma Lyford sanasekere. Anavula chipewa, nayamba kuchizunguza m'manja.

"Alamu, ilipo ina. Kumudzi anakhala pansi. Andituma ine poti ndine mwini mbumba. Akuti Magalita abwere kwawo. Edita, mng'ono wake wa malemu, amulera pamodzi ndi ana ake. Motoka ukatha, ndidzamutengere pomwepo."

Kwawo. Mwana anabadwira ku Kapata, mchombo wake unagwera m'nyumba yomweyo, mano ake oyamba anaponyedwa padenga la malata omwewo. Koma Paison anakumbukira zake zomwe. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, mlongo wake atamwalira ku Sinda, iye mwini anakwera basi kukatenga ana awiri a malemuyo kuti akaleredwe kumudzi kwa amayi awo. Bambo wa anawo anagwada pa fumbi, akupempha kuti amusiyireko mmodzi yekha. Paison anamuyankha mosapsatira: "Anapiye amatsata thadzi, satsata tambala." Lyford analipo tsiku lomwe Paison ankasimba nkhaniyo monyadira, ndipo onse awiri ankaikumbukira.

"Ndamva, alamu," anatero Paison, natseka boneti pang'onopang'ono.

Lyford anasiya makiyi nakakwera basi.

Magalita anauzidwa madzulo a tsiku lomwelo. Anali atakhala pa khonde akusenda nyemba. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga inu, atate?" Paison anati iye atsala ndi ntchito, azibwera kudzamuona. Mwanayo anapitiriza kusenda nyemba, koma makoko ankawaponya m'mbale, nyemba n'kumazitaya pansi, osazindikira.

Kompuresa anaipeza kuseri kwa masitolo a Amwenye, pa lole yomwe inagona pamenepo chiyambire nthawi ya Chitaganya, nkhuku zikuikiramo mazira. Anaimasula, naisenza pa njinga. Kunyumba anaiphwasula yonse, natsuka chilichonse ndi palafini, nayala zitsulozo pa thumba m'ndondomeko yake. Mapisitoni anali abwino. Anadula magasiketi atsopano pa chikuto cha kope, nathira oyilo woyera. Ataizunguza ndi dzanja, chala atatseka pakamwa pa paipi, inamukankha chalacho: pfu, pfu, pfu. Inali yamoyo.

Chovuta chinali chitsulo choikhazikapo. Chiyambireni mkangano ndi azungu a ku Rodeshiya, zitsulo zinkasowa ngati petulo yemwe. Anazungulira tauni yonse osapeza chitsulo cha ngodya chokhuthala bwino. Atabwerera, analowa kuchipinda naima nthawi yaitali akuyang'ana bedi lachitsulo lomwe anagula chaka chomwe anakwatira Esnat. Chibwerereni kumaliro anali asanagonepo. Ankayala mphasa pabalaza. Anachotsa matiresi, nakokera bedi lija pabwalo, natenga sowo.

Mai Tembo a nyumba yoyandikana nayo anaima pa mpanda, dzanja pakamwa.

"A Mbewe, bedi la amake Magalita limenelo?"

"Chitsulo chake n'chabwino," anayankha osadzutsa mutu.

Anayamba wajambula pa katoni, nadula, nayesa pa injini, nadulanso, kufikira katoniyo itakhala bwino pa mabawuti atatu a pambali pa injini. Ndiye anadula chitsulo motsata katoni, nakachiwotcherera kwa mnzake wa ku Kapata komweko. Anaboola mabowo aatali kuti kompuresa izitha kusendezedwa pomanga lamba. Pule yachiwiri, kagudumu kozunguza lamba, anaimangirira kutsogolo kwa injini. Kenaka anatenga ulusi, naukoka kuchokera pa pule ya pansi kufika pa pule ya kompuresa, diso limodzi atatsinzina. Zikapanda kuyang'anana bwino, lamba amadyeka mbali imodzi n'kudukira pakati pa thengo. Anaika washala imodzi, nachotsa, naika yopyapyala. Anachita zimenezi mmawa wonse. Pa msewu umene galimotoyi inkapita panalibe makaniko, ndipo mwana wake akakhala m'menemo.

Tsiku lachinayi Lyford anabwera.

"Lamba wasowa, alamu," anatero Paison. "Wa muyezo uwu m'tauni muno mulibe. Ndatumiza uthenga ku Lusaka."

Lyford anagwedeza mutu nabwerera. Lamba anali atapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko cha galaja, watsopano, chipepala chake chikadalipo.

Masiku otsatirawo Paison anagwira ntchito ngati nkhono. Thanki anaimangirira pansi, m'mbali mwa chesesi, chitsulo chonyamula thupi la galimoto, naimasula, naisunthira kutsogolo pang'ono kuti miyala isamaigunde, naimasulanso. Paipi ya mkuwa anaipinda ndi bondo katatu. Masana ankaweruka msanga n'kukadikira Magalita pa geti la sukulu, chinthu chomwe anali asanachitepo Esnat ali moyo. Ankadzera kumsika, kugula nzimbe, kubwera akutafuna. Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anakwera naye phiri la Kanjala, namulozera tauni yonse ili pansi: mzikiti, msika, msewu wa ku Malawi, denga la nyumba yawo. Za ulendo panalibe ankazitchula.

Lyford anabweranso patapita masabata awiri. Kunali kutentha kwa Novembala, mitambo itayamba kuunjikana kum'mawa. Anakana mpando. Analowa m'galaja kuthawa dzuwa, ndipo potuluka nkhope yake inali ina.

"Alamu, lamba uja wafika kuchokera ku Lusaka, eti? Ndamuona kuseri kwa chitseko. Wachita kutuwa ndi fumbi la ulendo."

Paison anayang'ana pansi.

"Sindikukuimbani mlandu," anatero Lyford motsitsa mawu. "Esnat ndinamubereka kumsana ine ali khanda. Mukuganiza kuti ndimagona? Koma taonani kumwamba. Mvula ikagwa kawiri, mitsinje idzadza, motoka sudutsa mpaka Epulo. Kumudzi sadikira Epulo. Adzatuma anthu adzamutenge pa basi, kuchokera pa Chadiza ayende pansi tsiku lathunthu m'matope, kuwoloka madzi a m'chiuno. Mufuna zimenezo?"

"Loweruka," anatero Paison. "Bwerani Loweruka."

Lachisanu mmawa anamanga lamba, nalumikiza mapaipi, naika geji yoonetsa kuchuluka kwa mpweya pafupi ndi chiwongolero. Panatsala kachitsulo kamodzi, vavu ya mkuwa yaing'ono ngati chala chamanthu, yomwe imatulutsa mpweya ukachuluka m'thanki. Anaisiya m'chitini cha mabawuti dzulo lake. Tsopano munalibe. Anakhuthula chitini, nasesa galaja yonse, nakwawa pansi pa Landirova akupapasa m'fumbi. Anayang'ana ngakhale m'khola la nkhuku. Dzuwa linafika paliwombo asanaipeze.

Ali chogwada choncho anamva kukuwa kukhitchini. Anathamanga. Magalita anali atabwera kusukulu n'kuyamba kuphika phala monga ankachitira masiku onse chimwalirireni amake. Mphika unapendekeka pa mafuwa, phala lowira n'kumukhuthukira pa dzanja lamanzere. Paison anamunyamula, naviika dzanjalo mu ndowa ya madzi. Mai Tembo anafika akuthamanga.

"Nsalu yoyera, a Mbewe! Fulumirani!"

Analowa m'nyumba natsegula kabokosi ka zovala za mwanayo. Pansi penipeni panali duku la Esnat, lobiriwira, litamangidwa mfundo. Linali lolemera. Atamasula, vavu ija inagwera pa simenti, ngwee!

Anaitola naiika m'thumba, natenga nsalu ina.

Atabwerako kuchipatala, dzanja litakulungidwa bandeji, anakhala awiriwiri pansi pa mango. Paison anatulutsa vavu naiika pa bondo lake. Magalita anaiyang'ana.

"Mundimenya, atate?"

"Iyayi, mama."

"Amalume anati motoka ukatha ndipita. Ndiye ndinati kakasowa aka, motoka sutha."

Paison anapuma mozama. "Nanenso ndinabisa lamba. Masabata awiri, kuseri kwa chitseko."

Mwanayo anamuyang'ana ndi maso odabwa, kenaka anaseka, kuseka kwenikweni komwe atate wake anali asanakumve chiyambire Ogasiti. Paison anasekanso. Kusekako kunatha mwadzidzidzi, ndipo Magalita anagwira mkono wa ovolosi ndi dzanja lake labwino.

"Ndiye tibisenso china, atate. Tibise chachikulu. Tikataye mumtsinje wa Lunkhwakwa."

Paison anafuna kuvomera. Mtima wake wonse unati inde. Koma anali atamuyandikira, ndipo anaona zomwe maso ake ankazilambalala masabata onsewa. Tsitsi la mwanayo linali litapotana m'mbuyo, mosapesedwa. Diresi la sukulu linang'ambika m'khwapa, iye mwini n'kulilumikiza ndi kawaya ka m'galaja. M'khosi munali litsiro. Mikono inali itaonda. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi ankatunga madzi, kuphika ndi kuchapa maovolosi a munthu wamkulu, pamene munthu wamkuluyo ankagona pa mphasa akuyang'ana denga. Kutsogoloku kunkabwera zaka zomwe mtsikana amafuna amayi omulangiza, zinthu zomwe bambo sangazitchule n'komwe.

"Sitibisanso, mama," anatero. "Kwa amai ako aang'ono ukadya bwino. Ukasewera ndi anzako. Kuno ndikukupsereza."

"Sindidzatayanso phala! Ndidzasamala!"

"Si phala ayi."

"Ndiye simundifuna."

Anadzuka nathamangira m'nyumba. Paison anatsala pansi pa mango, vavu ili m'manja. Anamva chitseko cha kuchipinda chikutsekedwa. Patapita nthawi anadzuka, nakulunga ulusi pa mazinga a vavu, naimanga pa thanki, naikungitsa ndi sipanala.

Loweruka Lyford anafika ndi basi yoyamba. Paison analiza injini. Lamba anagwira, kompuresa inayamba kugunda, tu-tu-tu-tu, mofatsa ngati mtima wa ng'ombe. Muvi wa geji unanyamuka pang'onopang'ono, nukwera, nukwera, kufikira vavu ija inalira, tsii, n'kutulutsa mpweya wotsala pa malo ake enieni. Paison anasungunula sopo m'chitini napaka thovu polumikizira paliponse. Anayang'anitsitsa, akufunafuna kathovu kamodzi kotukumuka, kamodzi kokha koti kamupatse tsiku lina. Panalibe.

Anaphwetsa tayala la kumbuyo mpaka linakhala pansi, napatsa Lyford paipi. Lyford analumikiza. Landirova inadzuka yokha, ngati ng'ombe yomwe yakhuta kugona.

"Alamu!" anafuula Lyford, akuseka ngati mwana. "Manja anuwa ndi ena!" Kenaka anakumbukira, kuseka n'kuzilala.

Paison anamuonetsa pothira oyilo, ndi kampopi ka pansi pa thanki kotulutsira madzi mmawa uliwonse. Anamuuza kuti akafika pa mchenga aziphwetsako matayala onse anayi, akadutsa n'kupopanso. Analankhula zambiri, zina kubwereza kawiri. Lyford anamvetsera zonse osamudula.

Mai Tembo anali atamusambitsa Magalita, kumuluka tsitsi ndi kumuveka diresi la kutchalitchi. Anatuluka atanyamula kabokosi kake pamutu, dzanja la bandeji lili pachifuwa. Sanayang'ane atate wake. Paison analandira bokosi nalimangirira kumbuyo pakati pa matumba, napinda bulangete nayala pampando kuti mabampu asamupweteke. Anamukweza, natseka chitseko, nayesa ngati chatsekeka.

"Dzanjalo lisanyowe," anauza Lyford. "Bandeji asinthe Lachiwiri."

"Ndamva, alamu. Pa Pasaka mubwere. Khomo n'lotsegula."

Galimoto itayamba kuyenda, Magalita anatembenuka mwadzidzidzi nakanikiza nkhope pa galasi. Pakamwa pake pankayenda, koma injini inameza mawuwo. Paison anathamangira pambali pake mpaka pa mpopi wa madzi, akufunsa kuti, "Wati chiyani? Wati chiyani, mama?" Landirova inakhota, fumbi n'kutseka njira. Amayi a pa mpopi anasiya kucheza, namuyang'ana akubwerera wopanda nsapato imodzi.

Mvula inagwa Lachitatu lotsatira, ndipo inagwa chaka chimenecho ngati kumwamba kwabooka. Kalata zinkatenga mwezi. Inabwera imodzi yokha, yolembedwa ndi Lyford, yonena kuti dzanja linapola, mwana ali bwino, walowa sukulu ya mishoni.

Pa Pasaka Paison anakwera basi mpaka pa Chadiza, nayenda pansi kotsalako, atanyamula nsapato zatsopano, shuga ndi buledi. Anafika dzuwa litapendeka. Lyford anamulandira ndi manja awiri, namuyalira mphasa, nayamba kusimba za kompuresa: kuti sinavutepo, kuti a njinga a midzi itatu amadzapopetsa pakhomo pake, kuti ngakhale abambo a ku mishoni anabwera kudzaiona. Paison ankangoti "eya, eya," maso ali kunjira ya kudambo.

Magalita anabwera ndi atsikana anzake, mtolo wa nkhuni pamutu. Anali atatalika, masaya atadzaza, tsitsi lolukidwa bwino. Edita, amai ake aang'ono, anamunong'oneza. Magalita anatula nkhuni, nasamba m'manja, nabwera nagwada chapatali, monga mwana wolangizidwa agwadira mlendo.

"Mwayenda bwanji, atate?"

"Ndayenda bwino, mama. Sendera kuno."

Anasendera pang'ono, maso ali pansi. Paison anagwira dzanja lija naona chipsera chosalala. Anamufunsa za sukulu, ndipo anayankha mwaulemu, mawu awiri atatu. Nsapato zinamuthina, poti Paison anagula muyezo wa chaka chatha. Magalita anathokoza ndi manja awiri, nati apatsa mng'ono wake, mwana wa Edita. Paison anafuna kumufunsa zomwe ananena pa galasi tsiku lija, koma panali anthu ambiri, ndipo pamene anapeza mpata mawa lake, mwanayo anaganiza kwa kanthawi nati sakukumbukira.

Paison anagona masiku awiri. Palibe anamuchitira mwano. Anamuphera nkhuku, namupatsa nsawa zodzadza thumba. Anaona mwana wake akuseka pa mtondo ndi anzake, akuitana Edita kuti amama, ndipo anadziwa kuti sanalakwitse. Kudziwako sikunamuchepetsere kanthu.

Mmawa wa tsiku lachitatu Lyford anati amuperekeze pa galimoto mpaka pa Chadiza, koma Paison anakana, nati petulo ndi wosowa, miyendo ilipo. Magalita anamunyamulira thumba la nsawa mpaka pa mtsinje. Pamenepo analitula, nagwadanso.

"Muyende bwino, atate. Mukapereke moni kwa amai Tembo."

"Ndidzabweranso pokolola."

"Eya, atate."

Kumtunda anzake ankamuitana kuti achedwa kusukulu. Anayang'ana komweko, nayang'ana atate wake, ngati akupempha chilolezo. Paison anagwedeza mutu, ndipo mwanayo anathamanga. Iye anavula nsapato, napinda buluku mpaka m'mawondo, nasenza thumba lija, nalowa m'madzi. Basi ya ku Chipata inkanyamuka pa Chadiza dzuwa likapendeka, ndipo njira inali ikadali yaitali.